Ati Zoni Yathu ndi Yofooka

Kwathu ndi ku Ngokwe m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kumalire ndi dziko la Mozambique. Munthu wochokera ku Liwonde amasiya tala pa Nselema n'kuyamba msewu wafumbi, ndipo m'nyengo ya dzinja amafika zovala zitasintha mtundu. Anthu akwathu amalima mpunga, chimanga ndi nandolo, ena amapha nsomba. Koma likakwana Loweruka masana, msodzi ndi mlimi yemwe amakumana pabwalo la mpira. Ine ndidakulira pabwalopo, ndipo funso limene ndikufuna kulifukula m'chimangirizo chino lidabadwira pomwepo: kodi timu imaloledwa kupita ku ndime yaikulu ya mpikisano chifukwa cha zimene yachita yokha, kapena chifukwa cha mbiri ya matimu amene imakhala nawo m'gulu limodzi?

Ndili Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera ya kwathu, kudabwera mpikisano wa mpira wamiyendo wa masukulu womwe adauthandiza ndi mkulu wina wochita malonda. Masukulu adawagawa m'mazoni, ndipo matimu asanu ndi atatu ndi amene adayenera kukakumana ku ndime yomaliza. Ife tidakonzeka mokwanira. Tidalibe nsapato za mpira zokwana aliyense, moti awiri ankagawana peyala imodzi, wina yakumanja wina yakumanzere, malinga ndi mwendo umene amamenyera. Komabe pa masewero asanu ndi awiri a m'zoni mwathu tidapambana asanu ndi limodzi. Tidagonja kamodzi kokha, ndi chigoli chimodzi kwa duu, tsiku limene goloboyi wathu adagona ndi malungo. Timu imene idatigonjetsayo idamaliza pamwamba chifukwa cha kuchuluka kwa zigoli, ife tidakhala achiwiri.

Sitidade nkhawa kwenikweni chifukwa tinkaganiza kuti zoni iliyonse itumiza matimu awiri. Koma aphunzitsi athu a zamasewero atabwerako ku msonkhano wa okonza mpikisano, adatiitanira pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili gwaa.

"Anyamata, mwalimbikira, koma ulendo wathu wathera pano," adatero. "Zoni yathu aipatsa malo amodzi okha. Zoni ya kufupi ndi tala aipatsa malo atatu."

Kaputeni wathu adaimirira mwaulemu. "Pepani aphunzitsi, nanga timu yachitatu ya kumeneko si ija yagonja katatu?"

"Ndi yomweyo. Koma akuti yagonja kwa matimu olimba, pamene inu mwapambana matimu ofooka. Ati zoni yathu ndi yofooka."

Mawu amenewa adandikhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Chidandiwawa koposa n'chakuti patatha sabata ziwiri, akatswiri a zoni yathu aja adakakwapulidwa zigoli zisanu kwa duu pa masewero awo oyamba. Ndivomere kuti tsikulo ndidasekerera, poti adali atatilanda malo. Sindidadziwe kuti ndikusekerera chingwe chomwe adzatimangire nacho chaka chotsatira, pakuti zigoli zisanuzo zidasanduka umboni woti okonza mpikisano sadalakwe.

Nditafika ku yunivesite ku Zomba ndidapeza masewero amene kwathu sindidawaonepo ndi maso: basketball. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi adali wokonda masewerowa kotheratu. Ndi iye amene adandidziwitsa kuti m'dziko muno muli bungwe la BASMAL, kuti maligi ake amayendetsedwa m'zigawo zitatu, kumwera, pakati ndi kumpoto, komanso kuti National Bank of Malawi idayambitsa mpikisano wa makoleji wotchedwa Mo626. Usiku wina m'mwezi wa Marichi ndidamupeza akukangana ndi anzake, maso ali pafoni. Ankatsutsana za makoleji a ku America, kuti timu yakuti aibera malo. Nditatchera khutu, ndidadabwa kumva mlandu wa pansi pa mtengo wa mango uja ukuzengedwanso, kungoti tsopano m'Chingerezi.

Nkhani yake ili motere. Ku America kuli makoleji oposa 350 amene amasewera basketball ya amuna m'gawo lapamwamba la bungwe la NCAA. Makolejiwa adagawidwa m'magulu, omwe ife tingawatche maligi. Kumapeto kwa nyengo kumakhala mpikisano wachipulula wotchuka ndi dzina lakuti March Madness. Udayamba mu 1939 ndi matimu 8, udafika pa matimu 64 mu 1985, kenako 68 mu 2011. Zipata zolowera ndi ziwiri. Chipata choyamba ndi cha akatswiri: timu imene yatenga chikho cha ligi yake imalowa popanda wofunsa, ngakhale ligiyo ikhale yonyozeka chotani. Chipata chachiwiri chili m'manja mwa komiti, imene imakhala pansi n'kusankha matimu ena amene ikuwaona kuti ndi oyenera. Mu 2025, matimu 31 adalowera pa chipata choyamba ndipo 37 adalowera pa chachiwiri. Mkangano wonse umagona pa chipata chachiwirichi.

Kale chipatachi chidali chopapatiza kwambiri, chifukwa mpaka 1974 ligi iliyonse inkaloledwa timu imodzi yokha. Chaka chimenecho timu ya Maryland, imodzi mwa matimu abwino zedi m'dziko lonselo, idagonja 103 kwa 100 kwa North Carolina State pa masewero otsiriza a ligi yawo, ndipo idatsala pakhomo. North Carolina State idapitirira mpaka kutenga chikho cha dziko lonse. Anthu adaona kuti si chilungamo kuti timu yotere izikhala pansi pamene akatswiri a maligi ofooka akusewera. Mu 1975 lamulo lidasintha, ligi imodzi idayamba kuloledwa kutumiza matimu oposa imodzi. Apa ndidaphunzira chinthu chimene sindinkafuna kuchimva: lamulo limene lidatipweteka ife ku Ngokwe lidabadwa pofuna kukonza kupanda chilungamo kwina.

Koma mankhwala akachuluka amasanduka poizoni. Mu 2011 ligi ya Big East idatumiza matimu 11. Mu 2025 ligi ya SEC idaposa apo potumiza matimu 14 mwa matimu ake 16. Mwa iwo mudali Texas, imene m'ligi mwake idapambana masewero 6 n'kugonja 12. Chaka cha 2024, timu ya Indiana State, ya m'ligi yaing'ono ya Missouri Valley, idapambana masewero 28 n'kugonja 6 okha. Idamaliza pamwamba pa ligi, koma idapunthwa kwa Drake pa masewero otsiriza olimbirana chikho cha ligiyo, ndipo komiti idaisiya. Mnzanga uja atandifotokozera zimenezi ndidamuuza kuti anyamata a ku Indiana State ndi abale anga, ngakhale sitidziwana. Nawonso goloboyi wawo adadwala malungo tsiku lolakwika.

Kodi komitiyo imayeza bwanji? Kuyambira 1981 mpaka 2018 inkadalira kwambiri muyeso wotchedwa RPI. Pa magawo 100 a muyesowu, magawo 25 okha ndi amene ankachokera ku zotsatira za timu yeniyeniyo. Magawo 50 ankachokera ku zotsatira za matimu amene yasewera nawo, ndipo 25 otsalawo ankachokera ku zotsatira za matimu amene adasewera ndi adani akewo. Kunena kwina, mbali zitatu mwa zinayi za mbiri yako zinkalembedwa ndi anansi ako. Mu 2018 adabweretsa muyeso wina wotchedwa NET, ndipo masewero amawaika m'magulu anayi potengera mphamvu ya mdani ndi bwalo limene mwasewerera. Kupambana timu yolimba, makamaka kwawo, kumalemera kuposa kupambana timu yofooka pakhomo pako. Papepala zimenezi n'zomveka. Vuto ndi lakuti timu ya m'ligi yaikulu imakumana ndi adani olimba pafupifupi sabata iliyonse, choncho imakhala ndi mwayi wochuluka wodzionetsa, ndipo ikagonja amaikhululukira. Timu ya m'ligi yaing'ono imapeza mwayi wotere kawiri kapena katatu pachaka. Makoleji akuluakulu sakonda kupita kukasewera kwa ang'onoang'ono, chifukwa akapambana palibe chimene apindula, koma akagonja ataya zambiri. Amasankha kuwalipira ndalama kuti abwere kwawo.

Palinso nkhani ya ndalama. Masewero alionse amene timu yasewera mu mpikisanowu amabweretsa gawo la ndalama ku ligi yake, pafupifupi madola 2 miliyoni, zoperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ligi imene yatumiza matimu ambiri imakolola zambiri, imamanga mabwalo abwino, imalemba makochi odziwa, imakopa osewera aluso, ndipo chaka chotsatira imatumizanso matimu ambiri. Madzi amathamangira kumene kuli kale madzi. Ndidakumbukira kuti matimu atatu a kufupi ndi tala aja adabwerako ndi majezi ndi mipira yatsopano, pamene ife tidapitiriza kusoka mpira wathu umodzi womwewo.

Tisaganize kuti zimenezi n'za ku America kokha. Bungwe la CAF limaona mmene makalabu a dziko lililonse achitira pa zaka zisanu, ndipo maiko 12 apamwamba amaloledwa kutumiza matimu awiri ku Champions League ndi awiri ku Confederation Cup. Maiko otsalawo, kuphatikizapo Malawi, amatumiza imodzi ku mpikisano uliwonse. Mapointi amapezeka ukafika ndime ya m'magulu, ndipo dziko lokhala ndi matimu awiri lili ndi mivi iwiri pamene ife tili ndi umodzi. Mu 2004 Bakili Bullets idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika ndime ya m'magulu, koma chaka chimodzi chabwino sichikwanira kusintha mbiri ya dziko. Ku World Cup nakonso n'chimodzimodzi. Mu 1966 maiko a mu Africa adanyanyala mpikisano chifukwa adauzidwa kulimbirana malo amodzi ndi maiko a ku Asia ndi Oceania. Africa idapatsidwa malo akeake amodzi mu 1970, awiri mu 1982, atatu mu 1994 pambuyo poti Cameroon yafika ndime ya matimu asanu ndi atatu mu 1990, ndipo asanu mu 1998. Mu 2022 Africa idali ndi malo 5 pamene Ulaya adali ndi 13, koma Morocco idafika ndime ya matimu anayi. Pa mpikisano wa 2026 wa matimu 48, Africa adaigawira malo 9 otsimikizika ndipo Ulaya 16. Pamaso pa dziko lapansi, Africa yense wakhala akuuzidwa mawu amene tidauzidwa ife pansi pa mango.

Komabe ndikadakhala wabodza ndikadanena kuti osankhawo amalakwa nthawi zonse. Mu Disembala 2024 matimu a SEC adakumana ndi a ligi ina yaikulu ya ACC m'masewero 16, ndipo adapambana 14. Pa mpikisano wa 2025, matimu 7 a SEC adafika ndime ya matimu 16, ndipo chikho chidapita ku Florida ya m'ligi yomweyo. Mu 2011 chikho adatenga ndi Connecticut, imene m'ligi ya Big East idapambana masewero 9 n'kugonja 9. Lamulo lakale lija likadakhalapo, matimu ambiri abwino otere bwenzi akutsala pakhomo. Chitsulo chimanola chitsulo chinzake, ndipo timu imene imalimbana ndi zimphona sabata iliyonse imakhwima. Nafenso akatswiri a zoni yathu adachinyidwa zisanu, ndipo zigolizo sizidali zongopeka.

Mbali inayo nayo ili ndi umboni wake. Mu 2006 timu ya George Mason, ya m'ligi yaing'ono, idalowera pa chipata cha komiti anthu ambiri akung'ung'udza, koma idafika ndime ya matimu anayi otsiriza. Mu 2011 VCU idachitanso chimodzimodzi. Mu 2018 UMBC, yomwe idaikidwa kumchira kwenikweni, idagonjetsa Virginia, timu yoyamba pa mndandanda wonse, 74 kwa 54. Matimu amenewa sadakhale olimba tsiku lomwelo ayi. Adali olimba kale, kungoti padalibe amene adawaona. Funso limene limandisowetsa tulo ndi lakuti, ndi angati ena otere amene adatsala pakhomo, ndipo sitidzadziwa mpaka kalekale?

Monga wophunzira zinenero, ndimakonda kuyang'ana mawu amene timagwiritsa ntchito. Tsinde lakuti -sankha limabala "kusankha", "kusankhidwa", "chisankho", komanso "tsankho". Mawu abwino ndi oipa atuluka m'mimba imodzi, ndipo malire ake ndi opyapyala. Tikati "wasankhidwa", wochita ntchitoyo amabisala. Sitimva kuti wasankha ndani, ndi muyeso wanji, atakhala kuti. Koma mneni wakuti "kupikisana" uli ndi kachidutswa kakuti -an-, kamene kamafuna anthu awiri akuchitirana chinthu maso ndi maso. Sungapikisane ndi munthu amene sadabwere. Ife sitidagonje kwa timu yachitatu ya kufupi ndi tala ija, chifukwa sitidapikisane nayo. Tidangosiyidwa.

Mawu akuti "kusankhidwa" mwana aliyense wa ku Malawi amawadziwa asadadziwe za mpira. Akalemba mayeso a Sitandade 8, ena amapita ku masekondale a dziko lonse monga Dedza, Blantyre, Lilongwe Girls ndi Mzuzu, ena ku masekondale a m'boma, ambiri ku masekondale oyendera monga imene ndidaphunzira ine. Pa nkhani yolowa ku yunivesite, dziko lathu lidakangana kwa zaka zambiri za ndondomeko yogawa malo potengera maboma, imene idabwezeretsedwa mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2020. Ena ankati boma lililonse likhale ndi malo ake, ena ankati opambana kwambiri alowe posayang'ana kumene achokera. Ndi zipata ziwiri zomwe zija. Nditafika ku Zomba n'kutchula sukulu yanga, mnzanga wina adandifunsa ngati kumeneko kulinso laibulale. Sadandinyoze dala, koma adali atandiyeza kale ndi zoni yanga.

Ndikalemba zonsezi ndimakumbukira mnzanga amene ankavala nambala 9 m'timu yathu. Pa masewero asanu ndi awiri aja adagoletsa zigoli khumi ndi chimodzi. Tidamva kuti ku ndime yomaliza kudabwera anthu ofuna osewera aluso, ndipo anyamata awiri adatengedwa ndi timu ina ya m'ligi ya chigawo. Sindinganene kuti mnzangayo akadatengedwa, mwina akadalephera. Koma sadamuone n'komwe. Lero ali ndi bwato lake pa Chiuta, ali ndi banja, ndipo sadandaula. Ndine amene ndimadandaula m'malo mwake.

Pa tchuthi chapitachi ndidapita kumudzi, ndipo aphunzitsi athu aja, omwe tsopano adapuma ntchito, adandiitana kuti ndiwathandize kukonza bonanza ya matimu a m'midzi. Mazoni adali anayi, malo a ku ndime yomaliza asanu ndi atatu. Titakhala pakhonde pawo ndi kope ndi cholembera, ine ndidayamba kuwerengera.

"Aphunzitsi, zoni ya kumsika tiipatse malo atatu. Matimu ake ali ndi majezi, amasewera kawirikawiri, ndipo anthu adzabwera ambiri kudzaonera. Zoni ya kugombe ikwanira ndi malo amodzi. Anyamata a kumeneko theka la nthawi amakhala ali pamadzi."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adaseka pang'ono. "Mwana wanga, bwereza zimene wanenazo, koma uzinene utakhala pansi pa mango uja."

Ndidachita manyazi osaneneka. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amene adatimana malo adali anthu ouma mtima. Tsikulo ndidazindikira kuti adali anthu wamba okhala ndi kope, cholembera, ndalama zochepa ndi tsiku limodzi lokha loti amalize mpikisano. Ndidangosuntha pang'ono kuchoka kumudzi kupita ku Zomba, ndipo maso anga adayamba kale kuona ngati awo. Ndidapezanso kuti ngakhale mkati mwa Ngokwe momwemo muli a kutala ndi a kufumbi.

Tidakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pamapeto pake tidagwirizana kuti akatswiri a zoni iliyonse alowe popanda funso, amenewo ndi malo anayi. Zoni ya kumsika tidaionjezera malo amodzi, chifukwa kunena zoona idali ndi matimu ambiri ndipo idachita bwino chaka chathachi. Malo atatu otsalawo tidakana kuwagawa ndi cholembera. Tidati matimu otsatira a m'mazoni onse akumane pabwalo, ndipo timu yachitatu ya kumsika ipite kugombe kukasewera ndi yachiwiri ya kumeneko. A kumsika adadandaula za mtunda ndi ndalama za kabaza, koma aphunzitsi adawayankha kuti mtunda wochoka kumsika kupita kugombe ndi womwewo umene a kugombe akhala akuyenda zaka zonsezi.

Masewerowo adachitika Loweruka lotsatira pabwalo la mchenga, mphepo ikuomba kuchokera kunyanja. Mudzi wonse udabwera, amayi atasiya mpunga pamphasa. Mnzanga wa nambala 9 uja ndiye adali kochi wa timu ya kugombe. A kumsika adapambana zigoli ziwiri kwa chimodzi, chigoli chachiwiri chitalowa kutatsala mphindi zochepa. Ndikadakonda kulemba kuti a kugombe adapambana, koma sizidatero. Oyimbira ataliza wezulo yomaliza, mnzangayo adabwera kudzandigwira chanza, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, atichinya," adatero, "koma atichinyira pano, tonse tikuona."

Sindikhulupirira kuti pali muyeso umene ungakhutiritse aliyense. Malo akachepa, wina adzatsala basi, ndipo ligi yolimba ili ndi chifukwa chomveka chopemphera malo ochuluka. Chimene ndaphunzira n'chakuti mawu akuti "zoni yofooka" sayenera kukhala chigamulo chamuyaya. Chipata cha akatswiri chisatsekedwe, matimu akuluakulu azikakamizidwa kuyenda ulendo wopita kwa ang'onoang'ono, ndipo mbiri ya zoni iziunikidwa chaka ndi chaka m'malo moilandira ngati chuma chamasiye. Pamene pali chikaiko, mpira uikidwe pakati. Aphunzitsi adasunga kope lija, ndipo adandiuza kuti chaka chamawa tikayambire pa tsamba latsopano, poti timu ya kugombe yaonetsa kuti zoni yawo iyenera kuwerengedwanso.